Ndikuikira kumbuyo makaroni a tchizi a 4 koloko madzulo

Shifiti yanga imatha 3 koloko masana. Ndimakhala nditayamba 7 koloko m'mawa: kudzutsa agogo a eni ake, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala, kuwatembenuza pabedi kuti msana usachite zilonda. Amalawi ambiri a kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, ntchito imeneyi timaidziwa, ndipo timadziwanso mmene miyendo imamvekera ikamakwana 3 koloko. Kawiri pamwezi, tsiku lolandira malipiro, sindilunjika kunyumba. Ndimakhotera pa lesitilanti ina imene usiku sindingayerekeze kulowamo, chifukwa mitengo yake ya usiku anaikira madokotala ndi maloya. Koma kuyambira 3 koloko mpaka 6 koloko amatsitsa mitengo ya zakumwa ndi timbale tina ta chakudya. Nthawi imeneyi eni dziko amaitcha happy hour.

Ndimakhala pakauntala n'kuitanitsa makaroni a tchizi, amene kuno amangoti mac and cheese. Amabwera m'kachiwaya kachitsulo kakuda bii, m'mphepete mukubwatabe, pamwamba patapsa mofiirira moti supuni ikamalowa umamva kusweka. Pansi pake pali makaroni omira mu msuzi wa tchizi wolemera, wonanda, wotentha mpaka supuni yomaliza chifukwa chitsulo sichizizira msanga. Usiku mbale yomweyi ndi madola 16. Ine ndimaidya pa madola 8.

Mayi ena a kumpingo kwathu, amene ndimawalemekeza kwambiri, atamva zimenezi anagwira pakamwa. "Koma achemwali, makaroni? Omwe aja a m'kabokosi ka dola imodzi ndi kanthu ku golosale? Madola 8, muikepo chakumwa ndi tipi ya woperekera chakudya, si madola 15 amenewo? Mukanatumiza kumudzi, ana akanadya masiku angati?" Sindinawayankhe tsiku limenelo chifukwa panali anthu, ndipo wamkulu sumutsutsa pagulu. Koma funso lawo si lachibwana, ndipo sali okha amene amalifunsa. Kwathu makaroni timawadziwa ndi matimati ndi anyezi, chakudya chophika mwachangu ufa ukatha kapena ana akalira njala. Munthu amene anakula nawo chomwecho akamva kuti wina wavala bwino n'kukawadya ku lesitilanti, sangalephere kudabwa.

Ndikuona kuti mayiwa analakwitsa pawiri. Akuganiza kuti makaroni a m'kabokosi ndi a m'kachiwaya ndi chinthu chimodzi, kungoti enawo anawaveka suti. Akuganizanso kuti munthu wogwira ntchito kunja alibe gawo pa zokoma za dziko limene akukhetseramo thukuta. Zonse ziwiri ndikuzikana. Pali mbali ina imene akunena zoona, ndipo sindiilambalala, ndifikapo.

Tiyambire pamphika. Aliyense amene anaphikapo nsima ya alendo amadziwa kuti ufa ndi madzi pazokha si nsima. Ufa womwewo, madzi omwewo, moto womwewo, wina atulutsa nsima yosalala yoti mlendo akasimbe kwawo, wina atulutsa ya mibulu, yosapsa, yonunkha ufa. Makaroni a tchizi nawonso ali chomwecho. Wophika amayamba wasungunula batala, n'kuthiramo ufa wa tirigu wolemera mofanana ndi batalayo, n'kumatakasa pamoto wochepa mpaka fungo la ufa wauwisi litachoka. Kenaka amathira mkaka pang'onopang'ono, dzanja osalipumitsa, monga timachitira ndi phala la nsima. Akakhuthulira mkaka wonse nthawi imodzi, mibulu. Akathamanga, ufa umamvekabe mkamwa. Ku France msuzi woyerawu amautcha béchamel, ndipo ukalandira tchizi umasintha dzina n'kukhala Mornay.

Luso lenileni lagona pa tchizi. Tchizi cha cheddar chimene chakhala chaka chimodzi kapena ziwiri chimakoma mwakuthwa, koma chikamva moto wambiri chimalekana: mafuta amayandama pamwamba, zotsalazo zimakhala ngati mchenga pa lilime. Tchizi cha miyezi iwiri kapena itatu chimasungunuka bwinobwino koma mkamwa sichimveka. Choncho wodziwa amasakaniza, china cha kukoma, china cha kunanda, ndipo amachithira ataphula kale mphika pamoto. Amachipala yekha, chifukwa chopalapala kale cha m'mapaketi amachiwaza ufa wa mbatata kapena cellulose kuti chisamatane, ndipo ufa womwewo umachiletsa kusungunuka mosalala. Makaroniwo amawaphula asanapse kwenikweni, podziwa kuti akapitiriza kupsa mu uvuni. Pamwamba amawaza nyenyeswa za buledi zopaka batala, n'kulowetsa kachiwayako pansi pa moto wochokera kumwamba kwa mphindi zochepa. Zimene zimatuluka pamwambapo ndi nkhoko. Tili ana tinkazungulira mphika kudikira kuti amayi amalize kuomola nsima, kuti tilimbirane za pansi zija. Kuno nkhoko anazitembenuza, zili pamwamba, ndipo ndi zimene ndimayamba kudya.

Nanga mtengo? Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tchizi cholimba pamafunika malita pafupifupi 10 a mkaka, ndipo chikapangidwa chimakhala miyezi m'chipinda chozizira, wina akulipira magetsi ndi malo. Tchizi cha Gruyère cha ku Switzerland sichiloledwa kutuluka ndi dzina limenelo chisanathe miyezi 5. M'kabokosi muja muli kapaketi ka ufa wa tchizi choumitsa, wosakaniza ndi mchere ndi zopatsa mtundu. Sindikukanyoza kabokosiko. Ndakadya kambirimbiri ndikaweruka usiku, ndipo kanandisunga miyezi yoyamba m'dziko lino. Koma kunena kuti ziwirizi ndi chimodzi kuli ngati kunena kuti chambo chowotcha cha ku Mangochi n'chimodzimodzi ndi nsomba za m'chitini chifukwa zonse zinatuluka m'madzi.

Pakati pa eni dziko palinso dandaulo lina. Ena amati mac and cheese ndi chakudya cha amphawi ndi ana asukulu, ndipo malesitilanti odula akuchilanda kwa eni ake n'kumachigulitsa kwa olemera. Mtima wa dandaulo limeneli ndimaumvetsa, koma mbiri ikunena zina. Chakudyachi chinayambira pamwamba. Ku England, buku la ophika a mfumu Richard II, la cha m'ma 1390, lili kale ndi mtanda wowiritsa wosanjikiza ndi tchizi ndi batala. Mu 1769 Elizabeth Raffald analemba kaphikidwe kofanana kwambiri ndi ka masiku ano. Masiku amenewo makaroni ankachokera ku Italy, anali odula, ndipo ankadyedwa m'nyumba za anthu a ndalama.

Ku America dzina limene limatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi ndi la Thomas Jefferson, pulezidenti wachitatu wa dzikoli. Koma Jefferson sankagwira mthiko. Mu 1784, popita ku Paris kukaimira dziko lake, anatenga mnyamata wa zaka 19, James Hemings, amene anali kapolo wake, kuti akaphunzire kaphikidwe ka ku France. Hemings anaphunzira kwa akatswiri a ku Paris ndiponso kukhitchini ya ku Chantilly. Analipira mphunzitsi wa Chifalansa ndi ndalama zakezake, ndipo anakwera mpaka kukhala mkulu wa ophika m'nyumba ya Jefferson pa msewu wa Champs-Élysées. Malamulo a ku France akanamulola kukapempha ufulu wake kukhoti, koma mu 1789 anabwerera ku America, kumene kunali amayi ake ndi abale ake, adakali kapolo. Jefferson anavomera kudzamumasula pokhapokha ataphunzitsa munthu wina zonse zimene ankadziwa. Amene anaphunzitsidwayo anali mng'ono wake weniweni, Peter. Taimani kaye pamenepo. Kuti iwe utuluke, uyenera kusiya mwana wa mayi ako pamoto womwewo. James anamasulidwa mu 1796. Anamwalira ku Baltimore mu 1801, ali ndi zaka 36 zokha.

Mu February 1802, phungu wina wa ku Massachusetts, Manasseh Cutler, anadya kunyumba ya pulezidenti ndipo analemba kuti anawapatsa chakudya chachilendo cha makaroni ophika mu uvuni. Iye anayamba waganiza kuti ndi anyezi, ndipo sichinamukomere. Kukoma kapena kusakoma, onani pamene chakudyachi chinali: patebulo la pulezidenti, pamaso pa aphungu. Mu 1824 Mary Randolph, amene mchimwene wake anakwatira mwana wa Jefferson, anaika kaphikidweka m'buku lake The Virginia House-Wife: makaroni, tchizi ndi batala, kusanjikiza n'kulowetsa mu uvuni. Dzina la pabukulo ndi lake, koma m'makhitchini a nyumba zazikulu za ku Virginia amene ankaima pamoto anali akapolo akuda, monga Edith Fossett ndi Frances Hern, amene anaphunzira kukhitchini ya pulezidenti n'kukaphika ku Monticello, nyumba ya Jefferson ku Virginia, mpaka Jefferson atamwalira mu 1826.

Sindikunena kuti Hemings ndiye anatulukira chakudyachi. Ndikunena kuti luso la msuzi wa batala, ufa ndi mkaka linafika ku Monticello kudzera m'manja a munthu wakuda wophunzira bwino, ndipo kwa zaka zambiri amene ankatamandidwa anali mwini nyumba amene ankangokhala pansi n'kudya.

Kutsika kunabwera ndi mafakitale. James L. Kraft analandira chiphaso cha njira yake yopangira tchizi chosawonongeka msanga mu 1916. Mu 1937, chuma cha America chitagwa, anthu ali pamizere kufunafuna ntchito, kampani yake inatulutsa kabokosi kaja pa masenti 19, kokwanira anthu anayi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene nyama, batala ndi tchizi zinkagulidwa ndi makuponi, kuponi imodzi inkatulutsa mabokosi awiri. Mu December 1981 boma la Ronald Reagan linayamba kugawira osauka tchizi chimene linaunjika m'nkhokwe zake, makilogalamu oposa 13 miliyoni ulendo woyamba wokha, ndipo m'nyumba zambiri tchizi cha boma chimenecho chinathera mu makaroni. Umu ndi mmene chakudya cha patebulo la pulezidenti chinasandukira chakudya chopulumukira njala.

Koma m'mabanja a anthu akuda a kuno ulemu wake sunatsikepo. Mnzanga wa kuntchito, wobadwira ku Mississippi, anandiitana kwawo pa Thanksgiving, chikondwerero chothokoza cha mu November, ndipo ndinadzionera ndekha. Nkhukundembo aliyense akhoza kuotcha. Makaroni amaphika munthu mmodzi yekha, azakhali awo, ndipo mtsikana amene angabwere ndi ake osapemphedwa waputa mlandu umene udzakambidwa mpaka chaka chamawa. Awo amathiramo mazira ndi mkaka wa m'chitini, amagwirana mpaka kumadulidwa ndi mpeni ngati chigumu. Palibe kabokosi kamene kamayandikira nyumba imeneyo tsiku limenelo. Zinandikumbutsa kwathu, mmene mphika wa nkhuku ya apongozi supatsidwa kwa mwana wongophunzira kumene. Choncho makaroni akapezeka lero pa menyu ya lesitilanti yabwino, sanabedwe kwa wina aliyense. Madzi saiwala khwawa.

Tsopano ndifike pamene mayi aja akunena zoona. Si mbale iliyonse yodula imene ili yoyenera mtengo wake. Malesitilanti ambiri anazindikira kuti makaroni ndi otchipa, ndipo liwu limodzi lapamwamba pa menyu likhoza kuwonjezera madola asanu popanda thukuta lina lililonse. Liwu limene limandikwiyitsa kwambiri ndi truffle. Truffle weniweni ndi bowa womera pansi pa nthaka, pamizu ya mitengo, ku Alba ku Italy ndi ku Périgord ku France. Amamusaka ndi agalu ophunzitsidwa ndipo amagulitsidwa pa magalamu. Koma mafuta otchedwa truffle oil amene amadontheza pa makaroni a happy hour, ambiri a iwo bowa sanamuonepo. Ndi mafuta wamba othiridwa mankhwala a fungo otchedwa 2,4-dithiapentane, opangidwa mufakitale. Ife amene tinakula tikuzula utale pachulu mvula ikagwa, timadziwa fungo la bowa, ndipo tiyenera kukhala oyamba kukana fungo la m'botolo. Tsiku lina pa lesitilanti ina ndinalipira madola 14 pa mbale yotere: makaroni ofewa ngati phala la mwana, msuzi wa ufa wokhawokha, ndi fungo lija lophimba zonse, limene linanditsata mpaka m'galimoto. Kumeneko ndiye kunali kutaya ndalama, ndipo mayi aja akanakhalapo sindikanakhala ndi choyankha.

Ena amaikamo lobster, nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja ya mchere za ku Maine. Nyama yake imakoma mofatsa, ndipo tchizi chakuthwa chimaimeza yonse, moti umalipira ndalama zowonjezera pa chinthu chimene lilime silikuchimva. Ngakhale dzina lakuti gruyere silitsimikizira kanthu, chifukwa mu 2023 khoti la apilo ku America linagamula kuti kuno dzinali ndi la aliyense, ndipo tchizi cha ku Wisconsin chikhoza kulembedwa chomwecho. Izi zokha sizindivuta, poti Wisconsin, imene imapanga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a tchizi chonse cha America, ili ndi akatswiri enieni. Chimene ndimachita n'chosavuta. Ndimamufunsa woperekera chakudya kuti muli tchizi chanji. Akatchula mayina awiri kapena atatu osayang'ana kudenga, ndimaitanitsa. Akayamba kundiuza za truffle, ndimaona zina pa menyu. Chimene ndimavomera kulipira ndi tchizi chabwino ndi dzanja la wophika. Zokongoletsa dzina, ayi.

N'chifukwa chiyani lesitilanti igulitse mbale yabwino pa theka la mtengo? Si chifundo. Pakati pa nkhomaliro ndi mgonero mipando imakhala yopanda anthu, koma lendi ikuwerengedwa, mafiriji akuyaka, ophika afika kale kudzakonzekera za usiku. Msuzi wa tchizi uli kale mumphika waukulu, ndipo kudzaza kachiwaya n'kukalowetsa pamoto ndi ntchito ya mphindi zochepa. Mwini malo amasankha kupeza pang'ono kusiyana n'kusapeza kalikonse. Amadziwanso kuti chakudya cha mchere ndi mafuta chimaitana ludzu, ndipo phindu lake lalikulu lili m'botolo.

Pamenepa ndisabise: happy hour ili ndi maliro m'mbiri yake. Dzinali linkamveka m'sitima zankhondo za America cha m'ma 1910, kumene linkatanthauza nthawi ya nkhonya, nyimbo ndi mafilimu, koma pambuyo pake linakwatirana ndi mowa wotchipa. Mu 1984 chigawo cha Massachusetts chinaletsa kutsitsa mitengo ya mowa pa maola osankhidwa, pambuyo pa imfa ya mtsikana wina ku Braintree amene anaphedwa ndi galimoto imene mnzake ankayendetsa atamwa, ndipo lamulolo lilipo mpaka lero. Kuno ku Indiana chiletso chonga chimenecho chinakhalapo kuyambira 1985 mpaka pa 1 July 2024, ndipo ngakhale pano lamulo sililola kupitirira maola 4 patsiku, 15 pamlungu, kapena kudutsa 9 koloko usiku. Amene anapanga malamulowa sanali opusa. Kwa ife alendo m'dziko lino, kugwidwa ukuyendetsa galimoto utamwa si nkhani ya faindi yokha. Kukhoza kukhudza viza ndi mapepala amene unawavutikira zaka zambiri, ndipo mowa wa theka la mtengo sungabweze zimenezo.

Koma onani zimene zimachitika ku Massachusetts komweko. Popeza mowa sangautsitse, malesitilanti a ku Boston amatsitsa chakudya, ndipo anthu amapitabe. Kwa ine umenewo ndi umboni wakuti chabwino cha happy hour si mowa. Chabwino chake n'chakuti kwa maola atatu chitseko cha khitchini yabwino chimatsegukira munthu wa malipiro ngati anga. Ine ndimamwa madzi a mandimu kapena Coca-Cola, ndipo palibe amene anandiyang'anapo ndi diso loipa.

Wina anganene kuti zimenezi ndi nyenyeswa za patebulo la olemera: amphawi bwerani dzuwa likadalipo, mudye kambale kakang'ono, muchoke eni malo asanafike. Ndinaliganizirapo ganizo limeneli, ndipo silinandigwire. Nyenyeswa ndi zimene wina wadya n'kusiya. Kachiwaya kanga palibe anakakhudza. Wophika ndi yemweyo amene adzaphikire dokotala 8 koloko usiku, batala ndi yemweyo, ndipo kunena zoona msuzi wa 4 koloko ndi watsopano kuposa wa usiku. Pakauntala paja ndimakhala ndi okonza mapaipi, anamwino anzanga, aphunzitsi, ogwira ntchito pa yunivesite ya Notre Dame amene aweruka msanga. Palibe amene amaoneka wopemphetsa. Kuchepa kwa mbaleko kulinso ndi ubwino wake kwa ife, chifukwa ambiri m'mimba mwathu simugwirizana ndi mkaka wambiri. Tchizi chokhalitsa sichivuta kwenikweni, koma msuziwo ndi wa mkaka weniweni, ndipo m'bale wongofika kumene ayambe ndi kachiwaya kakang'onoko.

Tsopano za kumudzi, chifukwa apa ndi pamene funso la mayi aja linandilasa. Dola ndikuidziwa kulemera kwake kwathu. Kuchokera mu November 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti nthawi imodzi, foni yanga sinapumepo: fizi, feteleza, mankhwala a amayi, maliro. Ndimatumiza mwezi uliwonse, ndipo ndimatumiza ndi mtima wonse, chifukwa ndili kuno kaamba ka anthu amene anagulitsa mbuzi zawo. Koma ndaona chimene chimamuchitikira Mmalawi amene wasanduka paipi yongodutsamo ndalama. Amagwira mashifiti awiri, amadya ataimirira, nsima yake ndi ya dzana yotenthetsa m'kontena. Zaka khumi zimatha asanalaweko chilichonse cha dziko lino kupatula khofi wa pomwetsera mafuta galimoto. Kenaka mtima umayamba kuwawa. Foni ya kumudzi ikalira amayamba wang'ung'udza asanaiyankhe. Amayamba kuwerengera abale ake chilichonse chimene anadzimana, pamene abalewo sanamuuzepo kuti adzimane, ndipo ambiri a iwo akanamva akanamva chisoni. Malemba amaletsa kumanga pakamwa ng'ombe imene ikupuntha tirigu, ndipo ine ndaona ndi maso anthu omangidwa pakamwa akugwera pa dwale.

Madola 15 kawiri pamwezi sanachotsepo mwana wa kwathu pasukulu. Chimene amandigulira ndi ola limodzi lokhala pansi, wina n'kundibweretsera chakudya chotentha, ine amene tsiku lonse ndimabweretsera ena. Amayi anga, omwe ndimawatumizirawo, ndi amene ankaumirira kuti pa Khirisimasi pakhale mpunga, nkhuku ndi Fanta, chaka chivute chisavute. Sankakuona ngati kuwononga. Nditawauza pafoni za kachiwaya kanga, funso lawo linali limodzi: "Nanga unakhuta, mwanawe?"

Pali ngongole ina imene ndimaivomera patebulo limenelo, ndipo si ya kumudzi. Ku Indiana, monga m'zigawo zina zambiri, lamulo limalola kulipira woperekera chakudya madola 2.13 pa ola, poyembekezera kuti matipi akwaniritsa mpaka 7.25. Nambala ya 2.13 imeneyo sinasinthe kuyambira 1991. Mtsikana amene amandibweretsera kachiwaya amayenda mtunda womwewo, amanyamula chitsulo chotentha chomwecho, kaya mbaleyo ndi ya madola 8 kapena 16. Choncho tipi ndimaiwerengera pa mtengo wa usiku, osati wotsitsidwawo. Ndikudziwa kuti ambiri a ife tipi imatiwawa, poti kwathu si chizolowezi, ndipo ndaonapo abale akusiya ndalama zachitsulo zokha patebulo la anthu asanu. Zimenezo zimandichititsa manyazi. Kutsitsa mtengo ndi chisankho cha mwini malo, ndipo kusamatuluke m'thumba la mtsikanayo.

Kuseri kwa khoma kulinso wina. Pa lesitilanti yanga ija khitchini ili ndi kazenera, ndipo tsiku lina ndinasuzumira. Amene amatakasa msuzi ndi bambo wina wakuda, wa imvi kumutu. Mtsikana woperekera anandiuza kuti akhala pamenepo kuyambira malowo atatsegulidwa. Pa menyu pali mayina a tchizi chonse, pali dzina la famu imene kumachokera nyama yankhumba, ngakhale la ophika buledi lilipo. La bambowo palibe. Ndinakumbukira James Hemings. Ndinamupempha mtsikanayo kuti akawauze kuti makaroni awo ndi abwino kuposa onse amene ndinadyapo m'tauni muno. Bambowo anasuzumira pakazenera, anakweza chipande m'mwamba, n'kubwerera kumphika. Ulendo wotsatira kachiwaya kanga kanabwera katakhalitsako pamoto, nkhoko zitafika mpaka m'mphepete, chifukwa mtsikana uja anali atawauza kuti mayi wa yunifomu ya buluu amayamba ndi nkhoko.

Mayi a kumpingo aja ndawaitana kuti Lachisanu likubwerali tipitire limodzi, ndipo ndawauza kuti wolipira ndine. Ati aona kaye mmene shifiti yawo ikhalire.